Paki yanga, chimanga cha eni

Lolemba
Tchuthi chayamba! Anzanga a ku ofesi akupita kumudzi, ine ndikukonza paki ya mbalame. Kuseri kwathu kuno ku Nkolokosa kuli kamalo kotayako zinyalala, konunkha koopsa. Gulu lathu losamala zachilengedwe landipatsa mbande: mbawa, mthethe, ndi zina zomwe mayina ndaiwala. Mayi Chisale, otitsogolera, abwera Loweruka kudzaona. Akakhutira atipatsa mabenchi. Akapanda kukhutira, mbande zipita ku Limbe, ine ndibwerere kofwenthera fungo. Zomwe ndachotsa lero: majumbo, mabotolo, nsapato imodzi, matewera osaneneka. Msana ukuwawa koma mtima uli mbee.

Lachiwiri
Ndikugaula ndi khasu lobwereka. Manja ozolowera kompyuta, matuza okhaokha! Amake Zuze, aneba athu, abwera ndi khasu lawo osapemphedwa. Pomwe ine ndikupuma kachitatu, iwo amaliza theka. "Nanga mizere, achimwene?" Ndikuwafotokozera kuti paki sikhala ndi mizere. Akungoseka. Anthu abwino alipobe, Mulungu awadalitse.

Lachitatu
Mvula yoyamba! Ndikuthamanga ndi mbande zanga. Mayo ine! Paki yonse mizere, yowongoka ngati ya alangizi. Amake Zuze ali chiweramire, mbewu m'kambale. "Malo ogaula sagona, achimwene. Mvula siyembekeza munthu." A Banda okazinga tchipisi atenga chakumunsi, akudzala maungu. Winanso sindikumudziwa n'komwe, ali ndi therere. Ndikufuna kukalipa, koma ungakalipire bwanji munthu amene dzulo wakulimira? Ndikudzala mbande zanga m'mipata, ngati mlendo.

Lachinayi
Ndaika beseni la madzi kuti mbalame zizimwa. Pofika masana lasanduka lothiramo manyowa. Zamoyo zomwe ndaona m'paki: akhwangwala ofukula mbewu, bilimankhwe mmodzi (ndamupulumutsa kwa a Banda), ngumbi zambirimbiri. Ngumbizo zathera m'chiwaya. Andipatsako. Zokoma, sindinama.

Lachisanu
Munthu wina akubwera ndi ndowa ya zinyalala monga mwa masiku onse. Ine ndakhala ndikudandaula chilowereni m'nyumba ino, palibe wondimva. Amake Zuze angodzuka, manja m'chiuno: "M'munda mwanga?" Munthu uja wabwerera ndi ndowa yake pamutu, akupepesa. Ndatsala pang'ono kuombera m'manja. Kenako ndikuona chidole choopsezera mbalame chili njo pakati pa paki ya mbalame. Chavala malaya a gulu lathu omwe ndinayanika pa mpanda!

Loweruka
Mayi Chisale afika. Akuyang'ana mizere, akuyang'ana chidole, akuyang'ana ine. "Benchi tiika pati?" Koma mbande iliyonse yatchingidwa ndi njerwa ndi minga, yothiriridwa bwino. Kani anthuwa agwirizana kuti mitengo yanga ndiyo malire a minda yawo! Wokhudza mbawa ndiye kuti waputa a Banda. Chigamulo: mabenchi ku Limbe, mbande zitsale.

Lamulungu
Ndabwera kuchokera kutchalitchi, ndakhala pa njerwa m'paki poti benchi palibe. Paki yapita, ndavomereza. Koma zenera lakuchipinda latsegulidwa tsiku lonse, fungo ndi la dothi lonyowa basi. Ndikuthokoza, zoona. Amake Zuze andigawira mizere iwiri, ati munthu wogaula sangakhale wopanda munda. Ndipo poti ndili pa tchuthi, kuyambira mawa wopirikitsa mbalame ndine.