Madalaivala Atatu ndi Mzere Wokana Kutsika

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota zoti mpaka pano khosi lidakali louma. Mukudziwa kuti sabata yonse ndakhala ndikulimbana ndi pulogalamu yojambulira magalafu ija, yoti ionetse akuluakulu kuchuluka kwa mijigo yakufa m'boma lathu. Akapanda kuona chithunzicho Lachisanu, zokonza mijigo zidikiranso chaka chamawa.

Ndiye m'malotomo ndili mu ofesi, pulogalamu ndaimanga yonse, ndadina batani. Kompyuta inatsokomola ngati wosuta chingambwe, n'kunena kuti, "Achimwene, madalaivala sanabwere."

Inu a Zione amene simudziwa za makompyuta, madalaivala ndi timapulogalamu tating'ono timene pulogalamu yaikulu imaitana nthawi yojambula ikakwana. Koma kumeneko anali anthu enieni. Mwadzidzidzi ndikuyenda m'kati mwa kompyuta, mafoda atandanda ngati maokala a pamsika, ndiye ndinawapeza atatu onse m'foda momwe ndinawamangira, akuotcha chimanga pa batire.

"Pulogalamu ikukufunani," ndinatero.

"Ikutifunira kuti?" anafunsa wamkulu wawo, wojambula papepala. "Iyo ikukatiyang'ana ku foda ya kumtunda, ife tili kuno. Munaiuza njira inuyo?"

Manyazi anandigwira. Ndinatola khala n'kulemba njira pakhoma, ndiye tinanyamuka. Pageti tinapeza a Chinkhuntha, mkulu wa zamakompyuta ku ofesi kwathu, ali m'jekete yawo ya misonkhano. Ndikuwapatsa moni, khosi lawo linayamba kufiira n'kulendewera, mwadzidzidzi ndi nkhukundembo.

"Awa salowa," anatero akudzitukumula. "Akutchula mayina amene sitikuwadziwa. Akufunika laibulale yatsopano, pulogalamu yodziwa mayinawo."

"Bwana, yatsopanoyo munakana ndinu kuti tiike."

"Ikudikira komiti."

"Komitiyo ikumana liti?"

"Ikaona galafu."

Ndinakhala pansi kufuna kulira. Ndiye dalaivala wamng'ono, wa pasikirini, anandinong'oneza kuti, "Tingomangiriranitu ku pulogalamuyo, tisamachite kuitanidwa." Ndinawamanga ndi linya kumsana kwa pulogalamu ngati matumba a mbatata panjinga, n'kuikankha kudutsa pageti, nkhukundembo ikufufuzabe lamulo loletsa zimenezo.

Mwadzidzidzi tili mu holo ya hotela, msonkhano uli m'kati. Pulogalamu inagwira ntchito, anzanga! Mzere wofiira unatuluka pakhoma n'kuyamba kukwera, kukwera, mpaka kuboola denga.

"Pepani, si dala," unatero mzerewo. "Ndi mijigo ikufayi."

Wapampando anali mayi Nansongole, mkulu wathu wa zachitukuko. Ndikuwayang'ana, khungu lawo linayamba kusinthasintha mitundu, ndiye pampando panakhala nanzikambe wovala mikanda, diso limodzi lili kwa alendo opereka thandizo, lina lili pa mbale ya masamusa.

"Bambo Ganizani," anandiitana, "mzere wanuwu ukutichititsa manyazi. Upakeni wobiriwira."

"Mayi, ngakhale ubiriwire, ukukwerabe."

"Ndiye tembenuzani khoma."

Afisi awiri a mabaji pachifuwa ananyamula khoma lonse n'kuliimika chadodolido. Mzere unayamba kutsika, ukulira kuti ukumva chizungulire. Holo yonse m'manja mbee mbee. Mlendo wina anapukuta misozi n'kupempha kuti amujambule nawo limodzi. Madalaivala anga, ali chimangidwire, anapatsidwa masatifiketi.

Ndiye chitseko chinatseguka. Unalowa mjigo wa kwathu kwa Mpondamwala, dzimbiri lokhalokha, ukukwakwaza mwendo wake umodzi pakapeti. Kumbuyo kwake kunali azakhali anga, a Nabiyeni, ndowa yopanda kanthu ili pamutu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Sanayang'ane aliyense koma ine.

"Gani," anatero, "paja unati kompyuta yako ikatinenera."

Mjigo unakweza chogwirira chake m'mwamba ngati mwana wa sukulu wofuna kufunsa.

"Mafunso tikamwa tiyi," anatero nanzikambe.

Ndinaimirira kuti ndikuwe kuti khomalo lazondoka. Ndinatsegula pakamwa, koma m'malo mwa mawu panatuluka kapepala kolembedwa kuti lilime silinapezeke. Ndinayesanso, kapepala kena. Azakhali akundiyang'anabe. Ndiye mjigo utaona kuti pa ine palibe thandizo, unakoka mpweya, n'kukuwa wokha ndi mawu a mwamuna:

"Zitsulo zakutha! Tikugula zitsulo zakuthaaa!"

Ndinadzidzimuka, tsaya lili pa kiyibodi. Kunja, bambo wogula zitsulo zakutha amadutsa pamsewu ndi wilibala yake. Ndinayang'ana laputopu, uthenga wa madalaivala uli pomwepo, ndipo kunena zoona anzanga, ndinatsala pang'ono kumuitana kuti aigule.