Ngodya Zinayi ndi Tikiti ya ku Dedza

Lolemba

Kope ili anandipatsa ndi mwana wanga Esinati kuti ndizilembamo manambala a BP. Manambalawo ndikulemba kumbuyo. Kutsogolo kuno ndi kwanga.

Nkhani ili motere. Ndinabwera ku Dubai kuno kudzaonana ndi dokotala nditagwa ndi chizungulire pamjigo kwathu ku Dedza. Dokotala wandiona, mankhwala ndikumwa. Chikalata chondilola kukhala kuno chikutha sabata ya mawa. Ine ndikuti ndizipita, munda ukudikira mizere mvula isanagwe. Esinati akuti ayi, awonjezera miyezi itatu. Ndi namwino, ndiye aliyense amamuona ngati wodwala wake.

Dzulo ndamukumbutsa kuti ine zaka zambirimbiri ndinkathamanga ndi chigubu cha mkaka pamutu, kuchokera kukhola mpaka kumsewu, kuti lole ya mkaka isandisiye. Mu Juni, udzu utayera ndi chisanu. Iye kuseka. Akuti, "Chabwino Amayi. Loweruka muzungulire nyumba ino kamodzi, chothamanga, osaima. Mukatero tikiti ndigula." Amanena moseka, koma mawu atuluka. Amuna ake, akamwini anga, amva ali kuchipinda.

Nyumbayi ndi yosanja, yaitali ngati mzere wa masitolo a paboma. Ngodya zake ndi zinayi.

Zokonzekera:
juzi ya ubweya
zitenje ziwiri
duku
nsapato za sofiya
tiyi wotentha, makapu awiri

Umu ndi mmene timathamangira kwathu. Munthu sathamanga m'mimba muli mozizira.

Ndikutuluka 10 koloko m'mawa. M'nyumba muno mumazizira tsiku lonse ndi makina aja amati AC, ndiye thupi limaiwala kuti kunja kuli dziko lina. Kungotsegula chitseko chapansi, ngati ndasuzumira mu uvuni wa njerwa. Magalasi anga achita nkhungu, sindikuona kanthu. Ndikuthamanga chomwecho, dzanja limodzi pakhoma. Ngodya yoyamba ndaipeza ndi phewa.

A Kamwendo, alonda a pakhomo pano, kwawo ku Ntcheu, andithamangira ndi ambulera. "Mayi, juzi imeneyi mwavalira ndani? Khalas, basi zakwana, tiyeni m'kati."

Ngodya imodzi. Zatsala zitatu.

Lachiwiri

Ndadzuka pamene kumzikiti akuitana mapemphero a mbandakucha. Ndati dzuwa ndilizembe.

Zosintha:
juzi yatsala
chitenje chimodzi
tiyi kapu imodzi basi

Dzuwa kulibe, koma kutentha kulipo. Kwagona pabwalo, sikunapite kwawo. Mpweya ndi wonyowa, wolemera, ngati uja timapuma tikafunda bulangete pamwamba pa mphika wa masamba a bulugamu.

Ndaganiza bwino za zinthu ziwirizi, ndipo ndilembe ndisanaiwale. Kuzizira ndi mnzako waukali. Kumakuluma makutu, zala zimauma pachigubu, mphuno imatuluka madzi, koma kumakukankha kumbuyo, chifukwa ukaima kukupweteka kwambiri. Ukathamanga umakusiya. Kutentha kwa kuno ayi. Kumakwera kumsana ngati mwana wamkulu wokana kuyenda, ndipo ukathamanga ndi pamene kumakugwiritsitsa m'khosi.

Thukuta ladzaza mu sofiya. Phazi lililonse likulira fyoko, fyoko. Ndadutsa ngodya yoyamba, ndadutsa pamene amaika zinyalala, ndafika yachiwiri. Pamenepo miyendo yanena kuti ife tafika.

A Kamwendo akuti, "Muzimwa madzi, Mayi. Kuno madzi ndiye petulo." Ndawauza kuti madzi amabaya m'nthiti munthu akamathamanga. Ndamwa kuti asakhumudwe. Botolo lonse.

Ngodya ziwiri. Theka la tikiti.

Lachitatu

Nzeru yabwera. Miyendo yanga inaphunzira kuthamanga m'chisanu, ndiye ndiikumbutsire m'chisanu momwemo. Ikakumbuka, ndipita nayo kunja.

M'nyumba muno sindingathamange. Zipinda ndi ziwiri, kanjira kopita kubafa ndi kamodzi, ndipo muli akamwini. Iwo ndi a ku Chipata, oleredwa bwino. Amadziwa kuti mkamwini ndi mpongozi sayang'anana m'maso, sadutsana panjira yopapatiza. Ndiye timatsokomola. Iwo akatsokomola, ine ndimalowa kukhitchini. Ine ndikatsokomola, iwo amatseka chitseko. Esinati amati, "Inu awiri, zimenezi zinatha kalekale."

Choncho ndikuthamanga pakhonde lam'kati, pakati pa zitseko za anthu. Pamazizira bwino. Juzi yabwerera pathupi. Kupita, kubwera, kupita, kubwera, kasanu ndi kawiri osaima. Mtima ukugunda mwaulemu.

Ulendo wachisanu ndi chitatu, chikepe chokwerera m'nyumba yosanjayi chatseguka. Akamwini, aweruka msanga. Ine juzi itapendekeka, duku litagwera pakhutu, ndikupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Ndatembenukira kukhoma. Iwo abwerera m'chikepe, chatseka, chapita nawo. Ndalowa m'nyumba.

Patapita nthawi Esinati akuimba foni ali kuntchito. "Amayi, mwalowa? Bambo akuti akwera ndi kutsika kanayi, akufunsa ngati njira yatseguka."

Pakhonde sindithamanganso.

Lachinayi

Esinati sakupita kuntchito lero. Tapita pa basi ku chisitolo chachikulu chija amati molo, kukagula makatani. M'menemo muli misewu, magetsi, mitengo, ndi chisanu chenicheni, chofika m'mafupa. Ndangolowa, maondo amasuka okha.

Iye akusankha nsalu. Amasankha ngati mayi ake aang'ono, kugwira iliyonse kawiri. Ndamupatsa chikwama changa, ndamanga chitenje, ndayamba.

Ndathamanga lero! Kuyambira pa sitolo ya makatani, kudutsa ya nsapato, ya mafuta onunkhira, ya mafoni, mpaka pa masitepe oyenda okha. Thukuta pang'ono chabe pamphuno. Nditanyamula chigubu, mkaka sukanatayika ngakhale dontho.

Koma zotsatira zake:
mayi wina wakumbatira chikwama chake
bambo wina wanyamula ana ake awiri n'kuyamba kuthamanga kutsogolo kwanga
anthu ena atatu atsatira, akuyang'ana kudenga ngati kuli utsi
alonda awiri, mawailesi m'manja

Mmodzi wa alondawo akuyankhula Chingerezi, wina akungoti "mama, mama" manja ali m'mwamba. Esinati wafika ndi katani imodzi paphewa, wapepesa m'zilankhulo ziwiri.

M'basi ndamufunsa mwaulemu kuti za Loweruka zija tikachitire kumolo, popeza waona yekha ndi maso ake. Akuti, "Amayi, kumunda kwanu kuli AC? Mizere mukapanga mu Okutobala, dzuwa lili pamutu. Ndikufuna ndione za padzuwa."

Mwanayu ndinamutumiza kusukulu ndekha.

Lachisanu

Chimfine. Kulowa m'chisanu, kutuluka m'moto, thupi lasokonezeka. Mankhwala a chimfine ndamwa mobisa. Esinati akamva, ayamba kulemba.

Ngati kunja kulibe kuzizira, ndipita nako ndekha. Dzulo madzulo ndinaviika chitenje m'madzi, n'kuchipinda, n'kuchiika mufiriji, m'chipinda chake chapamwamba choumitsa zinthu. Lero chatuluka chouma gwa ngati chikopa cha mbuzi. Ndachimenya pa sinki kuti chimasuke. Ndachikulunga m'chiuno ndi kumsana.

Abale, kukoma kwake! Dedza yense kumsana kwanga.

Ngodya yoyamba ndadutsa ndikuimba nyimbo ya kumvano. Yachiwiri chitenje chayamba kudontha. Pofika pakati pa yachiwiri ndi yachitatu chasanduka chofunda, cholemera, chomata miyendo. Ndiye fungo. Sindinaone kuti mufiriji muja, pansi pa chitenjecho, panali nsomba zimene Esinati anaitanitsa kumudzi.

Amphaka a kuno ndi ambiri, amagona pansi pa magalimoto. Woyamba watuluka, wachiwiri, kenako sindinawerenge. Akunditsatira pamzere ngati ndikupita nawo kumsonkhano. Sindinaime. Ndafika ngodya yachitatu, ndakhala pa chitini cha maluwa, amphaka andizungulira.

A Kamwendo afika akupukuta misozi. "Mayi, mpingo wanuwu mwauyamba liti? Yalla, chokani inu!" Awathamangitsa ndi chipewa.

Ndawauza kuti aseke lero, mawa andiona ndikulowa pakhomo kuchokera mbali inayo. Akuti, "Inshallah, Mayi." Mawu amenewa ndawamva kambiri kuno. Amanenedwa ndi munthu amene sakukhulupirira koma akufuna mtendere.

Ngodya zitatu. Mawa chitenje cha mufiriji ndisiya. Ndimanga madzi oundana m'duku, oyera, ochokera m'kathireyi kawo.

Loweruka

Ndilembe pang'onopang'ono, chifukwa mtima sunakhazikike.

Esinati amuitana kuntchito m'bandakucha, mnzake wadwala. Potuluka akuti, "Bambo aonerera m'malo mwanga." Ine ndinaganiza kuti aonerera ali pawindo, monga mmene munthu woleredwa bwino angachitire.

6 koloko. Tiyi sindinamwe. Madzi ndamwa. Madzi oundana asanu ndi limodzi m'duku. A Kamwendo aima pakhomo, akweza dzanja, atsitsa.

Ngodya yoyamba, bwino. Madzi ozizira akutsikira kuseri kwa makutu.
Yachiwiri, bwino. Amphaka andiyang'ana, andinunkhiza patali, abwerera kukagona.
Yachitatu, mwana wamkulu uja wakwera kumsana. Ndamuuza kuti khala momwemo, tipitira limodzi.
Yachinayi ndaiona ikubwera. Sindinaionepo ndi kale kuchokera mbali iyi. Ndaikhota.

Kuchokera pamenepo kufika pakhomo ndi pafupi, ngati kuchokera pakhonde langa kufika pankhokwe. Kanjira kake ndi kopapatiza, uku khoma, uku magalimoto oimikidwa. Ndipo pakati pa kanjirako paima akamwini. Foni dzanja ili, botolo la madzi dzanja linalo, thaulo paphewa. Anabwera kudzandithandiza.

Sindinaganize. Miyendo yapatuka yokha. Ndalowa pakati pa magalimoto awiri, ndatembenuka, ndaweramitsa mutu, kudikira kuti adutse.

Sakudutsa.

Ndatsokomola. Ndamva kutsokomola kwina, chapatali pang'ono. Ndasuzumira pansi pa mkono. Nawonso apatuka, alowa pakati pa magalimoto ena awiri, ayang'ana kumsewu, akudikira kuti ine ndidutse. Botolo aliika pansi pakati pa njira.

Ine sindingadutse kumbuyo kwa akamwini ndikuthamanga, chitenje chikuuluka. Iwo sangatuluke apongozi asanadutse. Dzuwa latuluka pamwamba pa nyumba ya kutsidya. Madzi a m'duku atha, ayamba kutentha. Galimoto imene ndatsamira ikuotcha ngati chiwaya. Taima. Tatsokomolanso, aliyense kawiri.

A Kamwendo ndi amene atipeza. Ayang'ana uku, ayang'ana uko. "Ine ndimadikira kukhomoko ndi manja okonzeka kuomba. Kodi muli pamaliro?" Atenga akamwini n'kuzungulira nawo njira yakumbuyo. Ine ndayenda kufika pakhomo. Kuyenda, osati kuthamanga.

Botolo lija ndatola. Madzi ake anali ozizira bwino.

Lamulungu

Mlandu wakambidwa titachoka kutchalitchi. Ine kukhitchini, akamwini kuchipinda, Esinati pakati, zitseko zonse zotsegula.

Akamwini andiyankhulira bwino. Akuti, "Uwauze amayi kuti ine ndi amene ndinalakwa. Sanaime chifukwa chotopa, ndinawatsekera njira." Ine ndati awauze bambo kuti palibe cholakwa, munthu wobwera ndi madzi salakwa. Esinati wapereka mawu uku, wapereka uko, kenako watopa. Akuti, "Nonse mwamvana, khoma ndi lopyapyala. Amayi, ndinati osaima. Mwaima."

Ndapempha kuti ndibwereze mawa, bambo atapita kuntchito. Esinati wangotulutsa makina a BP, wandimanga pamkono. Wayang'ana nambala, wayezanso, wayang'ananso. Panthawiyi samaseka. Wakhala pansi pambali panga, pa matailosi, monga ankachitira ali wamng'ono. Akuti, "Mukakagwa kumunda, ine ndili kuno, ndidzamva pafoni. Miyezi itatu yokha, Amayi." Nambalayo ndailemba kumbuyo kwa kope. Ndi yaikuludi.

Mawa akukawonjezera chikalata.

A Kamwendo akuti ndisadandaule, mu Disembala kuno kumazizira, anthu amathamanga m'misewu mwakufuna kwawo. Ndiye kuti kuzizira kudzafika ine ndikunyamuka. Dziko ili silinandifune pa nkhani yothamanga.

Madzulo ndaimbira foni mng'ono wanga Nachisale kuti ayambe mizere m'munda mwanga. Ndamufotokozera zonse: ayambire kumtunda, amange chingwe, atsate mmene madzi amayendera, asathamange. Akuti, "Ee, achemwali, ee, ndamva," wailesi ikulira kumbuyo kwake. Nachisale chingwe samanga. Amayang'ana mtengo wa mango n'kumalima cholunjika kumeneko, ndipo mtengowo amausintha pakati pa mzere.

Chaka chino ndidya chimanga cha mizere yokhota.