A Lufeyo M'nkhuti ya Apongozi

Mayi Nachuma anaona kuti Lonjezo wapinda fomu ya boma pakati n'kumadzikupiza nayo. Anali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi ya sukulu, iwo ndi achinyamata awiri ochokera ku koleji amene anabwera kudzazolowera kuphunzitsa.

"Ati mapepalawa awachepetsa, mayi," anatero Lonjezo. "Tipumako."

"Tizidzaweruka dzuwa likadali pamutu," anawonjezera mnzake Mwaiwawo.

Mayi Nachuma, amene choko chinawayeretsa zala kwa zaka zambiri, anapukuta magalasi awo pachitenje. "Pali mwambi wina umene nonse mumaudziwa. Sindiutchula panopa. Imvani kaye kumene unachokera."

Unayamba motere mwambiwo.

Kale, pasukulu ina yakumudzi panali mphunzitsi, dzina lawo a Lufeyo. Nyumba za aphunzitsi zinali zochepa, choncho ankakhala chikamwini kwa akazi awo, a Enelesi, m'mudzi woyandikana ndi sukuluyo. Ntchito ya mkamwini mukuidziwa: khasu, nkhwangwa, kufolera nkhokwe. A Lufeyo sanagwirepo n'chimodzi chomwe. Akaweruka ankayala mapepala pakhonde, cholembera china kukhutu china m'manja, n'kumausa moyo mokweza kuti mudzi wonse umve.

Loweruka, akamwini anzawo akamapita kumunda, apongozi awo a Namwale ankauza ana kuti, "Musasokose, bambo akulembera boma." Awiriwa ankapewana monga mwa mwambo. Sankayang'anana, sankalankhulana pamaso, ndipo akakumana panjira mmodzi ankapatukira kutchire. Ulemu umenewo a Lufeyo ankaugwira ngati dzira.

Chimene chinawapweteka ndi pakamwa. Tsiku lina kunabwera mlangizi wa zamaphunziro, makolo onse atasonkhana. A Lufeyo anaimirira, nakonza tayi.

"Bwana, ife aphunzitsi tauma ngati munda wam'chilimwe! Malipoti, makaundula, izi lembani, izo lembaninso. Tigwetsereni mvula, bwana, tipumeko! Bwenzi tikuthandizako makolo athu ntchito zapakhomo, koma nthawi ili kuti?"

Anthu anawomba m'manja. A Namwale, amene anakhala kumbuyo, anangogwedeza mutu pang'onopang'ono.

Ayenera kuti aphunzitsi ambiri analira chimodzimodzi, chifukwa patapita miyezi boma la nthawiyo linaika lamulo lochepetsa mapepala. Uthengawo unamveka pawailesi, ndipo wailesi ya m'mudzimo inali ya a Namwale.

Madzulo ake a Lufeyo anayala pakhonde mapepala a chaka chatha. A Enelesi anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Bambo a Sungeni, amayi akuti akusangalala nanu. Mvula yanu ija yagwa."

"Malamulo a boma sayamba tsiku lomwelo, mayi."

"Nanga pepala mukulembapolo si lija ndinakulungira usipa dzana? Likununkha mpaka kuno. Akuti Loweruka tiyamba kuumba njerwa za nyumba yawo. Inu mukaponda dothi."

A Lufeyo anakulira m'tauni, ndipo dothi la njerwa anali asanalipondepo chibadwire. Ntchitoyo sankaiopa kwenikweni. Ankaopa kuti akamwini anzawo, amene kwa zaka zonsezi ankawavulira chipewa, aona kuti manja olembera boma sadziwa kanthu. Tsono anaganiza zolawirira okha, kuti anthu akamafika apeze dothi lafewa kale, iwo atakhala pambali ngati munthu wozolowera.

Lachisanu kunagwa chizimalupsa, madzi n'kudikha m'nkhuti, dzenje limene ankakumbamo dothi la njerwa. M'mawa mwake a Lufeyo anafika atavala zakusukulu, nsapato zopolishidwa, poti mphunzitsi saoneka zala zakuphazi pagulu. Sanayese n'kandodo komwe. Anangolumphira pakati.

Matope anawalandira mpaka m'mawondo. Atakoka mwendo wamanja, wamanzere unamira. Atakoka wamanzere, anapezeka ali m'kati mpaka m'chiuno. Anafuna kukuwa, koma anakumbukira kuti ana a kalasi yawo amakhala m'mudzi momwemo. Anangoima chete, thukuta lili kamukamu.

Kenako anamva mbuzi ikulira. Amene ankaikoka kukaimangirira kudambo anali a Namwale.

Apa panalibe tchire lopatukira. A Lufeyo anazolika n'kuyang'anitsitsa matope ngati mwalembedwa kanthu. A Namwale anatembenuka msanga, nawapatsa msana.

"Mbuzi iwe," anatero a Namwale, "tawafunsa bambo ali m'dzenjemo ngati adzuka bwino."

A Lufeyo nawonso analankhula ndi mbuziyo. "Mbuzi, uwauze amayi kuti ndadzuka bwino, kaya iwo. Ndikungoliyesa dothili ngati lafewa."

"Uwauze kuti akamaliza kuyesako, pali chingwe chako apa."

A Namwale anamasula mbuziyo, naponya chingwe cham'mbuyo osacheuka. Koyamba chinagwera kutali. Kachiwiri chinawamenya a Lufeyo pamphuno, ndipo iwo anathokoza mbuzi. A Namwale anachikoleka paphewa n'kuyamba kukoka ngati ng'ombe yapangolo. Koma matope anali atagwira nsapato, atagwiranso thalauza, osafuna kusiya. A Lufeyo anaona kuti njira yatsala imodzi yokha. Anatsinzina, namasula lamba.

Anatuluka chokwawa ngati mlamba, atatsala ndi shati, tayi ndi kabudula wam'kati.

"Mbuzi," ananong'ona, "uwauze amayi asacheuke."

A Namwale anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kuchiponya kumbuyo. "Uwauze kuti maso anga anakalamba. Sindinaone kanthu."

Chitenjecho chinali cha maluwa ofiira, chimene a Namwale ankavala pamaliro ndi paukwati pomwe, moti mudzi wonse unkachidziwa. A Lufeyo anachimanga m'chiuno n'kuuyamba wakunyumba. Pakati panjira anakumana ndi akamwini anzawo atanyamula makasu ndi zikombole, ana akuwatsatira ndi zidebe. Anawo anaima mwaulemu monga anawaphunzitsira iwo omwe.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi!"

Akamwiniwo sanaseke. Anayang'ana chitenje, nayang'ana pansi, mmodzi n'kuvula chipewa monga mwa masiku onse. A Lufeyo anaona kuti kukanakhala bwino akanangowaseka. Tsiku lonselo sanatuluke m'nyumba, ndipo a Enelesi akalowa, a Lufeyo ankangotembenukira kukhoma.

M'mawa wa Lamlungu anatsegula chitseko pang'ono. Pakhonde, pamalo paja ankayala mapepala, panali nsapato zawo zotsukidwa bwino, thalauza litapindidwa pamwamba pake. Pambali panali chikombole chatsopano. Kuseri kwa nyumba kunamveka a Namwale akudutsa ndi mbuzi yawo.

"Tiye, iwe, usandikoke. Ukawaona uwauze kuti mawa akaweruka, dothi likuwadikira. Walira mvula, walira matope."