Seva ya Mapulosesa Awiri

Lolemba
Ndatsegula seva yakale, chikompyuta chachikulu cha mu ofesi, imene atipatsa pa kopaletivi yathu ya alimi kuno ku Nsaru. Mapulosesa awiri, ndiye kuti maubongo awiri! Iliyonse ili ndi memole yake pambali, mosungira zimene ikugwirapo ntchito. Koma pulogalamu yolembera alimi ikungoyendayenda: ntchito ikugwira pa pulosesa iyi, katundu wake yasunga ku memole ya inayo, ngati mlimi womanga nkhokwe kutsidya kwa dambo. Ndithana nazo. Loweruka alimi akubwera kudzalembetsa mbewu ya soya, ndipo ndalonjeza a manijala kuti mzere udzatha nkhomaliro isanakwane.

Lachiwiri
Pulogalamu ndaimangirira pa pulosesa yoyamba. Ndalamulanso kuti memole izitenga ya mbali yomweyo basi, kutsidya isapondeko. Ndayesa ndi mayina khumi. Liwiro lake! Ndavina ndekha. A Nabanda, amene amalemba mayina, angofunsa kuti, “Kodi mwadya?”

Lachitatu
Zina zomangirira pompo:
maimelo,
za pulinta,
zithunzi za ziphaso za alimi.
Zonse pamodzi, pachibale! Pulosesa yachiwiri ipume kaye. Ndikudzinyadira kwambiri.

Lachinayi
Fani yoziziritsa mbali imodzi ya seva ikulira ngati chigayo. A Nabanda akuti zayamba kuchedwa. Mantha chabe. Mayina anga khumi aja akuthamangabe.

Lachisanu
A manijala auza makalabu onse mpaka ku Kabudula kuti chaka chino kulibe kudikira. Ine ndauza a Nabanda kuti kaundula wa pepala amusiye kunyumba. Nthawi yake inatha!

Loweruka
Njinga mbwee pabwalo. Ena abwera ndi ana kumbuyo osanyamula kamba, poti tinalonjeza. Ola loyamba bwinobwino. Kenako zii. Memole ya mbali yoyamba yadzaza, seva yazimitsa pulogalamu. Ndayatsa, yazimanso. Kutsidya memole ili yonse yosakhudzidwa, koma seva ikumvera lamulo langa ndi mtima wonse! A Nabanda apisa m'chikwama, atulutsa kaundula uja osandiyang'ana. Mzere watha dzuwa litapendeka. A manijala angoti, “Nkhomaliro ya kwanu imachedwa, eti?” Manyazi andigwira.

Lamulungu
Potuluka ku Misa ndadzera ku ofesi. Ndafufuta malamulo anga onse, seva yabwerera mmene ndinaipezera Lolemba. Ndayesa ndi mayina onse a m'kaundula. Ikuyenda, pang'onopang'ono koma osagwa. Ndamata kapepala pamwamba pake: OSAKHUDZA.

Makiyi a chipinda cha sevayi ndili nawo ndine ndekha.