Maolivi Akhoza Mayeso, Amayi Anga Atupa Mapazi

Kwa Bwana Wapampando,
Komiti Yoona za Umoyo wa Antchito,
Ofesi ya M'mwamba.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, ngakhale simukundiona. Ndine wosoka makolala a malaya pamzere wachinayi, mtsikana uja munamukhazika pansi pamsonkhano ponena kuti sukulu ya sekondale si yolankhulira pamaso pa akuluakulu. Ndamvera, sindilankhula. Ndangolemba, n'kumata kalatayi pachitseko cha kantini.

Choyamba, zikomo potichotsera kapu ya juwisi wa matimati imene tinkalandira pa buleki ya teni koloko. Inkatizoloweza zoipa: munthu kumwa, ludzu kutha, n'kubwerera pamakina akuseka. Tsopano aliyense amalandira kachitini ka maolivi, tizipatso toviikidwa m'madzi amchere, ndipo mzere wa kumpopi umafika kugeti. Tadziwana ndi anzathu odula nsalu amene tinkangowaonera patali. Wina wapezapo chibwenzi. A kapitawo nawo anaponda njere ya olivi n'kukhala pansi pakati pathu, koyamba chiyambire ntchito.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha tchati chimene mwapachika pafupi ndi wotchi. Mlembi wanu watifotokozera mmene munachipangira. Poti mutu umodzi susenza denga, munasonkhanitsa mitu isanu ndi umodzi, chitini uku, botolo la juwisi uku, n'kumachonga manambala olembedwa kumbuyo ngati mayeso a masamu: wochuluka wakhoza. Mafuta, maolivi akhoza. Mphamvu, maolivi. Ayironi wowonjezera magazi, maolivi, ndipo apa sinditsutsa, chilungamo chioneke. Pa mchere ndiye anakhoza mochititsa manyazi mnzawo, mpaka inu munazunguliza nambalayo ndi inki yofiira n'kujambulapo kanyenyezi.

Ine mbuli ndinkayesa kuti mchere uli ngati alendo, akachuluka nyumba imachepa. Juwisi naye ali ndi mchere wake, sindikumuikira kumbuyo ngati mlamu wanga, koma mumuika pati poyerekeza ndi chipatso chimene chagona m'madzi amchere miyezi? Ndafufuzanso mzere wa vitamini C, pamene matimati akanaimirira n'kuwomberedwa m'manja, sindinaupeze. Akuti pepala linathera pomwepo. Pepani kwambiri. Mukanatuma munthu, ndikanang'amba tsamba m'kope langa lakale.

Chachitatu ndi chimene chandigwiritsa cholembera. Kumapeto kwa mzere wathu kuli mayi wosita malaya, wakhala ndi simbi m'manja zaka khumi ndi zinayi. Ndi amayi anga. Namwino wa kampani anawauza kuti magazi awo akuthamanga, achepetse mchere. Koma amayi ali ndi zikhulupiriro ziwiri zimene sasuntha nazo: chakudya sichitayidwa, ndipo pepala lokhala ndi chidindo silinama. Tchati chanu chili ndi zidindo ziwiri.

Ndiye amadya maolivi awo, kenako a anzawo onse amene akwinya nkhope n'kukankha chitini. Amamwera ndi madzi ake omwe, ati msuzi wa mankhwala superekedwa kwa mphaka. Ndikawaletsa amandifunsa ngati ndaphunzira kuposa abambo asanu ndi mmodzi ovala mataye. Ndimayankha kuti chiyani, Bwana? Nsapato tsopano amaziponda kumbuyo ngati masilipasi, mphete yawo yakana kutuluka ngakhale ndi sopo, iwo n'kumasangalala kuti thupi layamba kubwera.

Lachisanu la sabata yamawa namwino ayeza aliyense. Lamulo limene munasaina nokha likuti wopezeka magazi akuthamanga kwambiri apite kunyumba akapume, kontirakiti yake osaiwonjezera. Kupuma kotereku timakudziwa. Amene anapita kukapuma chaka chatha akupumabe.

Sindipempha zambiri, ndine mwana. Juwisi abwerere Lolemba, makamaka uja wopanda mchere wowonjezera. Namwino adikireko milungu iwiri. Zitini zotsala zikwere masitepe zikakometse misonkhano yanu, ife tazilawa, tayamika.

Koma chachikulu n'ichi. Ine amayi sandimvera, anandisintha matewera. Amvera inu. Choncho tsikani nokha pa teni koloko, mutavala taye, chidindo chili m'manja ngati n'kotheka, mudutse mzere wachinayi wonse mpaka pamene pakutuluka nthunzi, muwauze ndi pakamwa panu kuti tchati chija chinalakwika. Mukweze mawu pang'ono, makina amasokosa, komanso tilipo ambiri ofuna kumva.

Amayi akukhululukirani pomwepo, mwina akusitiraninso jekete. Ine mundipatseko zaka zingapo.

Wanu wogwadabe, ngakhale mawondo ayamba kuwawa,

Wosoka Makolala,
Mzere Wachinayi.