Bipi ya achemwali

Lolemba
Ndili kwathu ku Lirangwe, sukulu ya unamwino tatsekera. Achemwali ali ndi pakati potopa, ndipo kusikelo awauza kuti bipi yakwera. M'kalasi amati wodwala ukamufotokozera bwino amadzisamalira yekha. Ndiyesera pa iwowa. Dongosolo: kuyeza bipi m'mawa ndi kamakina kanga, mchere pang'ono, mapiritsi pa nthawi yake, kupumula.

Lachiwiri
Ndaphika ndiwo za mchere wochepa. Alawa, andiyang'ana, kenaka amasula nsonga ya chitenje. Muli mchere wawo! Akuti, "Iwe ndinkakubereka kumbuyo ndine, usandiphunzitse kudya."

Lachitatu
Kamakina sikakuyaka. Mabatire ali mu wailesi ya alamu, amuna awo, amene amayendetsa kabaza ku Chileka. Akuti abweza mpira ukatha. Mpira watha, ayamba kumvera nyimbo.

Lachinayi
Tsiku lopumula. Opumulawo ali kumsika, dengu la tomato pamutu. Mapazi sakulowanso mu silipasi. Apongozi awo abwera kuchokera ku Mdeka, akuwomba m'manja: "Kutupa kotereku ndi mwana wamwamuna." Ndatsegula buku langa. Za apongozi mulibe.

Lachisanu
Mapiritsi achepa msanga. Ndinayamba kusangalala, kumati akumwa. Ayi, akugawana ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo. "Nawonso ali ndi bipi, ndiwamane?" Ndapita kuseri kwa bafa kukatukwana ndekha.

Loweruka
Adzuka mutu ukuwang'amba, nkhope yotupa, akuti akuona mbuu. Ndazula mabatire mu wailesi osapempha. Ndayeza, ndayezanso, bipi yakwera koopsa. Lero sindikufotokozera munthu. Ndawakalipira alamu mpaka nsapato avalira panjira. Kuchipatala chathu chaching'ono awabaya jekeseni n'kuitana ambulansi ya ku tauni. Apongozi akufunsa kuti tomato agulitsa ndani.

Lamulungu
Agonekedwa. Bipi yatsikako, mtima wa mwana ukugunda bwino. Sabwerera kunyumba mpaka atachira. Ine ndine gadiyani, malo anga ndi pansi, pambali pa bedi.

Masana kwabwera namwino wamkulu wa yunifolomu yoyera. Wanena zonse zimene ndakhala ndikulankhula sabata ino, mawu omwewo. Achemwali akungogwedeza mutu, "Eya asisitala, zikomo asisitala." Namwinoyo atangochoka, atembenukira kwa ine.

"Wamva nzeru zimenezo? Kusukulu kwanuko zimenezi sakuphunzitsani?"

Ndangotenga beseni kukachapa.