Mkazi wa mu Nyimbo Yachitatu

A Guluu sankamata nsapato ya munthu asanamumvetsere kaseti yawo. Limenelo linali lamulo, ndipo msewu wonse unkalidziwa. Ubwere ndi soli yomatuka, ukhale pa changu chotani, ankakuvula nsapatoyo, n'kuikwecha, n'kupaka guluu mbali zonse ziwiri, n'kukulozera benchi. Kenako chala chawo chakuda chija chinkapita pa batani la wailesi. Zikatero unkangodziwa kuti wagwidwa. Ungathawire kuti ndi nsapato imodzi?

Abale inu, zimene zinkatuluka mu wailesi imeneyo! Magitala ankalira ngati makina odulira zitsulo, ng'oma ngati matalala pa malata, ndipo woimbayo sankaimba ayi, ankabangula kuchokera m'mimba. Pachikuto panali anyamata anayi a tsitsi lofika m'chiuno, nkhope atazipaka zoyera, ndi dzina la gulu lolembedwa mopiringizana moti ngakhale aphunzitsi a pasukulu yapafupi analephera kuliwerenga. A Guluu ankangoti Anyamata a Minga. Kasetiyo anaipeza mu jombo ya woyendetsa lole wina amene anasiya jombo zake n'kusabweranso. Inali yochita kujambulira pa kaseti wamba: nyimbo zinayi, mphindi khumi ndi zitatu, basi. Ndipo zonse zinayi sizinali zawo anyamatawo. Zinali nyimbo zakale za anthu ena, zomwe makolo athu ankavina atavala masuti, koma apa zitang'ambidwa mpaka mwini wake sakanazizindikira.

A Guluu ankati kaseti imeneyi ili ndi ubwino utatu. Woyamba, ndi yaifupi, imadziwa nthawi yotseka pakamwa. Wachiwiri, anyamatawo anachita ntchito ya wosoka nsapato weniweni: anapeza nyimbo zotha soli, chikopa chake n'kuchisiya, pansi n'kuikapo tayala la lole. Wachitatu, guluu amafuna adikire asanamatidwe, ndipo kasetiyo ikati khethe, kutha, guluu amakhala wafika pake penipeni. Zonsezi ankazifotokoza ndi mawu awo osasa aja, otuluka movutikira, chifukwa madokotala anawachita opareshoni yapakhosi zaka zambiri zapitazo.

Shopu yawo inali chipinda chimodzi chogawidwa ndi katani ya maluwa ofwifwa. Kuno kunali a Guluu ndi nyundo zawo, uko kunali akazi awo, telala, amene aliyense ankawatchula kuti Amakina. Ndipo nkhondo ya m'banja limeneli inali imodzi yokha, nyimbo yachitatu.

Pa unyamata wawo a Guluu ankaimba m'maholo a madansi, ndipo anali ndi mawu oti atsikana ankaiwala kuti abwera ndi ndani. Nyimbo yachitatuyo, isanagwidwe ndi Anyamata a Minga, inali ya chikondi, yofatsa, ndipo ndi imene anakopera Amakina. Khosi litadulidwa mawuwo anapita. Amakina analira mobisa chaka chonse, n'kulumbira mumtima kuti nyimbo imeneyo sadzaimvanso. Ndiye tangoganizani kuti ikubwerera m'nyumba mwawo ikukuwa ngati nkhumba yomangidwa miyendo. Ikangoyamba, phazi lawo linkatsika pa chopondera, makina n'kuyamba kuthamanga, kaya pali chosoka kaya palibe. Anasoka nsanza zambiri zopanda ntchito mayi amenewo. Zaka zisanu ndi zinayi, kangapo pa tsiku, nyimbo yachitatu sanaimvepo mpaka kumapeto.

"Mayi, kamodzi kokha," ankatero a Guluu, atasuzumira pa katani. "Imitsani makinawo. Mu nyimbo yachitatu muli mkazi."

"Mkazi wake uti? Pachikutopo pali zimphongo zinayi zosasamba."

"Alimo. Amaimba bwino kuposa onse."

"Ndiye kamukwatireni."

A Guluu ankaseka kuseka kwawo kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka, n'kubwerera ku nsapato. Koma Amakina ankadziwa kuti pempholo silinali nthabwala. M'banja lonse lija mwamunayo sanawapemphepo china chilichonse mobwerezabwereza chotero, ndipo iwo ankakana dala.

Anthu anayesetsa kuthetsa kasetiyo, musaganize kuti ankangoipirira. Mlaliki wa pakona anabwera tsiku lina ndi nsapato yomatula yekha, cholinga adzatulutse chiwanda. Wailesi itangoyamba, naye anayamba kupemphera mokweza. Nyimbo yoyamba analimbana nayo bwino ndithu. Yachiwiri thukuta linali kamukamu. Pofika yachinayi anali atakhala pa benchi, mawu atamuthera, phazi la sokosi lija likugunda pansi motsatira ng'oma iye osadziwa. A Guluu anamata soliyo, n'kuikhoma, n'kumuuza mwaulemu kuti anyamatawa anena zawo zonse m'mphindi khumi ndi zitatu ndipo zagwira, pomwe iye mlalikiyo Lamlungu lapitalo anatenga maola awiri osamata chilichonse. Mlalikiyo anachoka ali wokwiya, koma soli imeneyo inakhala zaka zinayi, ndipo zinkamupweteka mtima.

Aphunzitsi aja anayesa mwanzeru. Anabwera ndi wotchi yapakhoma ngati mphatso, n'kufotokoza kuti mphindi khumi ndi zitatu ndi mphindi khumi ndi zitatu, kaya pali phokoso kaya palibe. A Guluu anavomera kuyesa pa nsapato ya aphunzitsi omwewo. Anadikira chete, onse akuyang'ana wotchi ngati ali pa mzere wa kuchipatala. Mawa lake soliyo inamatuka aphunzitsi ali kutsogolo kwa kalasi, ikuwomba m'manja sitepe iliyonse. Ena amati a Guluu anapaka guluu wochepa dala. Iwo ankangoti wotchi imawerenga nthawi koma guluu siimumva. Wotchiyo inakhala yotchingira chitseko kuti mphepo isamachimenyetse.

Ngakhale wapolisi amene anthu a m'mashopu oyandikana anamutuma anagwa mu msampha womwewo. Asanatsegule pakamwa, a Guluu anali atayang'ana kale pansi n'kupukusa mutu kuti jombo ya boma singayende itayasamula chotero. Wapolisiyo anamva kasetiyo yonse ali ndi jombo imodzi. Potuluka anauza odandaulawo kuti wafufuza, ndipo nyimbo yachiwiri si yoipa kwenikweni.

Koma panali chinthu china chomwe anthu sankachiseka kwambiri. Ena okhala pa benchi paja ankati pakati pa nyimbo yachitatu kubangula kunkasiya pang'ono, ndipo pansi pa phokoso la makina a Amakina pankamveka ngati munthu akuimba kutali, mawu aang'ono, ngati ali kuseri kwa khoma. Mayi wina wogulitsa makala anati tsitsi linamuthawa ndipo sanabwerenso. Amakina akamva zimenezi ankati ndi zomwe zimachitika munthu ukanunkhiza guluu wambiri.

A Guluu anamwalira Lachiwiri, dzuwa lili pamutu, pa mpando wawo. Anali atapaka guluu nsapato yoyera ya namwino wina amene anaisiya m'mawa popita kuntchito. Kaseti inkalira, nyimbo yachitatu inafika, makina anathamanga monga mwa masiku onse. Yachinayi inatha. Wailesi inati khethe. Amakina anadikira kumva nyundo, chifukwa khethe ameneyo ankatsatiridwa ndi nyundo nthawi zonse, kugogoda kasanu ndi kamodzi. Kunali zii. Anaitana kawiri, kenako anakankha katani. Anawapeza atatsamira khoma, mutu atapendekera ku katani komweko ngati akumvetsera kanthu, nsapato ili pamiyendo.

Chomwe chinkawadya Amakina pambuyo pa maliro n'choti sankadziwa ngati amuna awo anaitana. Ndi khosi lija sakanakuwa. Ngati anati "mayi" pa nyimbo yachitatu, mawuwo anamezedwa ndi makina. Zimenezi sanauze munthu, koma zinkawatsata paliponse.

Msewu nawo unasokonekera. Anthu anadabwa kupeza kuti ankayendera kaseti ija. Wometa tsitsi wa pafupi ankamaliza mutu umodzi pa kaseti imodzi, tsopano anayamba kumeta mopitiriza mpaka makasitomala kudandaula. Mayi wa tiyi ankapsereza mazira. Ndipo Amakina, ali yekha m'chipinda chija, nthawi zina ankamva khethe kuseri kwa katani, momveka bwino, wailesi ili yozima, yokutidwa ndi nsalu. Phazi lawo linkaima lokha kudikira nyundo. Katani ija sanaichotse, ndipo sankakonda kuyang'ana kuseri kwake.

Patatha milungu itatu namwino uja anabwera, akupepesa, kudzafunsa nsapato yake. Anali akugwira ntchito ndi nsapato zobwereka zomwe zinkamuluma. Amakina anati aimata okha, poti anaonerera ntchitoyo zaka zonsezi. Anapaka guluu, anawerenga mphindi pa wotchi ya namwinoyo, anakhoma. Namwino sanafike n'komwe pakona. Anabwerera akutsimphina, soli ili m'manja, n'kukhala pa benchi.

"Amayi, musandiseke. Ikani kaseti ija."

"Mwana wanga, iwe wophunzira, ukukhulupirira zimenezo?"

"Sindikukhulupirira. Koma nsapato zanga zonse zinamatidwa nayo."

Amakina anakwecha guluu wakaleyo, anapaka watsopano, anachotsa nsalu pa wailesi. Pa batani panali chidindo cha chala cha amuna awo, guluu wouma wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chala chawo chinalowa momwemo. Phokoso linadzaza chipinda. Anabwerera ku makina awo, koma podzidziwa, anayamba avula lamba wa makinawo n'kumuika m'thumba la epuloni. Nyimbo yachitatu itayamba phazi linatsika lokha, chopondera chinapita mmwamba ndi pansi, koma singano inangoti duu.

Anaimva. Inali yonyansa monga ankaganizira, koma pansi pa kubangula konseko nyimboyo inalimo ndithu, yonse, osasowa paliponse, ikukwera pomwe inkakwera kale. Anagwira m'mphepete mwa tebulo. Kenako pakati penipeni, magitala anaduka mwadzidzidzi, ndipo mu wailesi munamveka makina osokera. Makina awo omwe, ndi kulira kwake kwa chopondera chosowa mafuta.

Pamwamba pa makinawo mkazi ankaimba motsitsa, mosasamala, ngati munthu amene sakudziwa kuti akuimba. Ankaimba nyimbo yomweyo, mofatsa, mmene inkaimbidwira m'maholo. Amakina anatenga kanthawi asanazindikire mawu awo omwe. Ndipo pansi pake, pafupi kwambiri ndi wailesi, panali mawu ena, osasa, ong'ambika, akutsatira mosamala kuti asamveke kuseri kwa katani, koma osaphonya ngakhale pamodzi. A Guluu ankaimba. Ankaimba ndi akazi awo.

Makina a mu kasetiyo anaima. Mkazi uja anafunsa mokalipa kuti, "Mukuti chiyani uko?"

"Palibe, mayi. Sokani."

Magitala anabwerera ngati khoma likugwa.

Amakina sankakumbukira tsiku limenelo. Ayenera kuti amuna awo anaimitsa kaseti pakati, n'kumva kuti nyimbo yalowa m'mutu mwa akazi awo, n'kudina batani lojambulira. Sizinali zangozi. Munthu amene sankalola ngakhale fumbi pa kaseti imeneyo anafufuta yekha theka la mphindi la nyimbo yomwe ankaikonda koposa, kuti asungepo zimenezi. Ndipo tsiku lililonse, iwo akupondaponda makina mwaukali kuti asamve, mwamunayo ankakhala kuseri kwa katani akumvetsera awiriwo akuimba limodzi. Amakina analira mokweza, osabisa, kulira komwe sanalire ngakhale pamaliro. Namwino anangoyang'ana pansi, sokosi yake ili pa simenti.

Wailesi itati khethe, Amakina anapukuta m'maso ndi epuloni, anakhala pa mpando wa amuna awo, anagwirizanitsa soli ndi nsapato, n'kugogoda kasanu ndi kamodzi. Nsapato imeneyo namwino akuivalabe.

Masiku ano shopuyo simatanso nsapato, ndipo msewu ndi wofatsa kuposa mmene anthu ankafunira pomwe ankatuma wapolisi. Benchi ilipo, wotchi ikutchingabe chitseko. Kasetiyo yayamba kutha, mawu ake amanjenjemera, choncho Amakina amaiika kamodzi kokha pa tsiku, dzuwa likafika pamutu. Mlaliki anawafunsapo ngati nawonso agwidwa ndi Anyamata a Minga. Anamuyankha kuti nyimbo zina zitatuzo ndi phokoso lenileni, amuna awo ankangokokomeza, koma yachitatu anyamatawo anaigwira bwino. Wometa tsitsi amati iye amadziwa nthawi yake osayang'ana. Nyimbo ziwiri zoyamba makina amalira limodzi ndi magitala. Yachitatu ikangoyamba, makina amaima.